Tsiku Limene Wailesi Inalengeza Maliro Anga

Nkhani iyi ena anaimva kale, koma anaimva yopotoka, ndiye lero ndati ndiifotokoze ndekha mwiniwake, kenako ndipume. Sindikupeka ayi, ndipo pamsinkhu ndafikapa ndinganamirenji? Amene anakhalako ku Senga Bay zaka zimenezo akawerenga andizindikira, ngakhale sinditchula dzina langa kapena la munthu wina aliyense, chifukwa ena mwa anthu amene anandichita zoipa nthawi imeneyo lero timakhala nawo benchi imodzi kutchalitchi, ndipo mphamvu zoyambanso milandu ine ndilibe.

Ntchito yanga kuyambira ndili mtsikana ndi ya usipa: kugula kwa asodzi, kuyanika pamathandala, kulongedza m'matumba, kukagulitsa ku Lilongwe, kubwerera, kuyambiranso. Nthawi imeneyo ndinali pabanja ndi bambo wina wosoka maukonde, ndipo tinali ndi mwana mmodzi wamkazi amene anali asanayambe sukulu. Bambowo akamasoka ukonde pansi pa mtengo, wailesi inkakhala pambali pawo tsiku lonse. Inu akutali mwina simudziwa kuti kunyanja kuno wailesi ya m'dera ndi chinthu chotani. Ndi imene imatiuza ngati mphepo ikubwera, ndi imene imalengeza kuti mbuzi yasochera, kuti kuchipatala kwabwera katemera, kuti uje akupereka moni kwa apongozi ake, ndipo masana ikayika kanyimbo kozizira kaja aliyense amasiya chimene akuchita n'kutchera khutu, chifukwa imeneyo ndi nthawi ya mauthenga a maliro. Chimene chanenedwa pa nthawi imeneyo palibe amatsutsa. Ndani angatsutse wailesi?

Chaka chimenecho, m'nyengo yozizira, usipa unasowa mbali yathu, ndiye ndinakwera boti la injini kupita kutsidya, ku Makanjira, kumene tinamva kuti ukuphedwa. Ndinagula, ndinayanika, ndinalongedza. Koma m'mawa wa tsiku lobwerera ndinadzuka mutu ukuwawa, mfundo zonse zili zii, ndipo ndinadziwa kuti ndi malungo. Ndinati ndilimbe mtima, ndikadwalire kwathu. Matumba anga anakwezedwa, ine n'kukhala m'boti pafupi ndi mayi wina wachitsikana amene sindinkamudziwa. Anandiuza kuti akupita ku Salima kukaona mchemwali wake, ndipo kanali koyamba kuwoloka nyanja. Mwera unali utayamba kale kuwomba, iye akunjenjemera ndi kuzizira m'kabulauzi kopyapyala, pamene ine thupi linali moto. Ndinavula juzi yanga yofiira n'kumupatsa. Juzi imeneyo aliyense padoko lathu ankaidziwa, moti anzanga ankandiseka kuti amandiona ndili kutali ngati mbendera.

Boti lisananyamuke m'mimba munanditembenuka. Ndinamupatsa mayiyo kachikwama kanga, mmene munali foni, kuti andigwirire, ine n'kutsika kukasanza kumtunda. Miyendo inandithera komweko, ndinagwa pamchenga. Eni boti anali pachangu, akuti akufuna kuwoloka mphepo isanakule, ndipo sakanadikira munthu mmodzi. Ndinamva mayi uja akukuwa kuti ndisadandaule, akafika akafunsa bambo osoka maukonde n'kuwapatsa zonse. Ndinangokweza mkono. Mawu ake omaliza amene ndinamva ndi amenewo.

Ananditola ndi mayi wina wachikulire amene ankaphikira amalonda padokopo. Chichewa ankalankhula chapatalipatali, koma mtima wake Mulungu yekha amudalitse. Iye ndi mwamuna wake anandipititsa kuchipatala chaching'ono cha kumeneko, anandipatsa mankhwala, n'kundigoneka m'nyumba mwawo. Masiku amene ndinagona m'menemo sindiwadziwa bwinobwino, ndinkangodzuka n'kumwa madzi, kugonanso. Ndinazindikira pambuyo pake kuti iwo anali atamva kale kuti boti lija linagubuduzika litatsala pang'ono kufika, koma anagwirizana zondibisira kufikira nditapeza bwino.

Tsiku limene ndinayamba kudya ndinatuluka kukakhala pakhonde, ndikumwa phala, dzuwa lili paliwombo. Bambo a m'nyumbamo anali ndi kawailesi ka sola, ndipo wailesi ya kwathu imamveka bwinobwino kutsidyako, mawu amawoloka madzi mosavuta kusiyana ndi anthu. Nditamva kanyimbo ka maliro kaja mtima unandiuza za kwathu, ndinati tiyeni timve amene watisiya. Muulutsi anatchula munthu woyamba, kenako wachiwiri. Kenako anatchula dzina langa.

Anatchula lonse, la makolo ndi la kubanja, mudzi wathu, ndi dzina la mwamuna wanga amene akuti ndiye watumiza uthengawo. Anati mayi ogulitsa usipa aja amene anasowa pangozi ya boti apezeka m'mawa pagombe, ndipo chifukwa cha mmene thupi lilili mwambo woika maliro uchitika masana omwewo. Anapempha abale anga a ku Chitala kuti amene wamva anyamuke msanga. Anabwerezanso kachiwiri, pang'onopang'ono, ndi mawu aulemu aja amene ndinali nditawamva akutchula anthu ena kwa zaka zambiri.

Kodi munayamba mwadzigwirapo thupi lanu kuti mutsimikize ngati mulipo? Ine ndinatero. Ndinayang'ana manja anga, ndinayang'ana mbale ya phala, ndinayang'ana nkhuku zikuyenda pabwalo, ndipo kwa kanthawi ndithu ndinakhulupirira wailesi. Ndinaganiza kuti mwina imfa imakhala chonchi, umangokhala pakhonde lachilendo pakati pa anthu olankhula chinenero china, osadziwa kuti zako zinatha kale. Mayi wachikulire uja ataona mmene nkhope yanga yasinthira anandigwira phewa n'kufunsa ngati womwalirayo ndi m'bale wanga. Ndinamuyankha kuti ndine.

Apa ndi pamene ndinaona kupusa kwa moyo wa masiku ano. Bambo aja anandipatsa foni yawo kuti ndiimbire kunyumba, ndipo ndinaigwira m'manja n'kuzindikira kuti nambala ya mwamuna wanga sindikuidziwa. Ya mchemwali wanga sindikuidziwa, ya mnzanga aliyense sindikuidziwa. Zonse zinali m'foni muja, ine ndinkangodina dzina. Tinafunsa padoko ngati alipo amene ali ndi nambala ya munthu wa ku Senga Bay, anapezeka awiri, koma wina foni yake sinkapezeka, ya winayo inkangolira osayankhidwa, mwinatu anali kumaliro kwanga komweko. Nambala imene tinali nayo ndi ya wailesi yokha, ija amalengeza kuti anthu aziimbira kupereka moni. Tinakwera pachulu pamene pankagwira netiweki, kuimba, kuimba, ili yotangwanika. Italowa anayankha mwamuna wina, ine n'kuyamba kulira ndikufotokoza kuti mwalengeza maliro anga koma ndili moyo, auzeni asaike. Iye anandidzudzula kuti anthu amakonda kusewera ndi foni, koma maliro si chinthu choseweretsa, ndiope Mulungu. Anadula. Sindimuimba mlandu kwenikweni, ndikanakhala ine pampando umenewo ndikanaganiza chiyani? Poyesanso mayunitsi anali atatha.

Ndinakhala pachulupo ndikuyang'ana mapiri a kwathu kutsidya, ndikudziwa kuti nthawi yomweyo adzukulu akukumba, amayi anzanga akuimba nyimbo, mwana wanga wamunyamula munthu wina. Ndipo ndinadziwanso amene ali m'bokosimo.

Maboti sankayenda, mwera unali udakali wolusa. Ndinazungulira pamsewu, pa lole ya nsomba mpaka ku Mangochi, ndili pamwamba pa matumba, fumbi lili m'kamwa, kenako galimoto ina yodzera ku Golomoti mpaka Salima. Ulendo umenewo ndi thupi lodwala sindiufunira munthu. Njira yonse ndinkadzilimbitsa mtima kuti ndikangofika anthu akalumpha ndi chimwemwe, akandikumbatira, tikalira pang'ono kenako tikaseka. Ndinali mwana m'nzeru.

Ndinatsika minibasi ku Senga Bay chakum'mawa ndithu, dzuwa litakwera, n'kudzera njira ya kumathandala monga mwa masiku onse. Woyamba kundiona anali mayi amene tinkayanika moyandikana kwa zaka. Anali ndi beseni la usipa pamutu. Ndinamupatsa moni pomutchula dzina la mwana wake. Anaponya beseni pansi n'kuthawa akukuwa, chitenje chikukwekwereka. Ena onse anabalalika ngati aona ng'ona yatuluka. Ndinapitirira ndekha pakati pa mathandala opanda munthu.

Kunyumba kunali kudakali anthu, abale ochokera kutali anali asanabalalike, amayi ali kuseri, abambo pansi pa mtengo uja. Nditangotulukira pampanda panamveka mkuwo umene mpaka lero ndimaumva. Mchemwali wanga wa ku Chitala anakomoka. Anthu anagundana pothawa, mipando kugwa, miphika kutayika. Kenako amene anathawa aja anabwerera atachuluka, achinyamata a kudoko ali patsogolo, wina ndi nkhafi, ena ndi miyala. Ankakuwa kuti mzukwa, mzukwa, ena akuti si mzukwa koma mfiti yadzuka kumanda, ena akuti mumuwaze dothi, ngati ndi wakufa azimiririka. Anandiwaza mchenga kumaso. Mwala umodzi unandipeza pamwamba pa khutu, ndinamva kutentha kukutsikira m'khosi.

Mphamvu zothawa ndinalibe, ndiponso ndikanathawira kuti, poti kwathu n'komweko? Ndinangokhala pansi pakati pa bwalo, miyendo n'kutambasula. Ndinafunafuna mwamuna wanga ndi maso, n'kumuona ali chilili pakhomo, mutu wometedwa, pakamwa pali yasa. Ndinamuitana. Sanasunthe. Ndinamva wina kumbuyo akunena mokweza kuti wailesi inanena, tonse tinamva, wailesi inganame? Ndiye taganizani, munthu ndili pamaso pawo, magazi akutuluka, koma iwo akukhulupirira zimene anamva dzana m'kabokosi.

Anandipulumutsa ndi mayi wina wachisilamu amene tinayandikana nyumba, munthu wosalankhulalankhula. Anadutsa pakati pa achinyamata aja akutchula dzina la Mulungu m'chinenero cha mapemphero awo, anagwada, n'kundigwira dzanja. Analisisita, anandigwira pachipumi, kenako anatembenuka n'kuwauza kuti iye wasambitsapo mitembo yambiri ndipo sanaonepo wakufa wotentha thupi ndi malungo, wotuluka magazi, wonunkha lole ya nsomba. Anang'amba kansalu n'kundimanga pabala. Apo m'pamene miyala inayamba kugwa pansi mmodzimmodzi, akuluakulu a mpingo n'kuyandikira, wina n'kuthamangira kupolisi.

Zinamveka pambuyo pake kuti opulumuka pangoziyo ananena kuti anandiona ndikukwera boti, ndipo sananame. Thupi litapezeka nkhope inali itawonongeka ndi madzi, koma linali ndi juzi yofiira, ndi kachikwama kanga kali m'khosi. Mwamuna wanga anayang'ana juziyo, sanathe kuyang'ana china, anavomera. Iye yemweyo ndiye anapalasa njinga kukapereka uthenga kuwailesi.

Koma chimene chinandipweteka kuposa mwala ndi mwana wanga. Atamubweretsa anabisala kumbuyo kwa azakhali ake. Ndikatambasula manja ankakuwa. Anamuuza kuti amayi ako apita kumwamba, anaona bokosi likutsika, anaponyako dothi ndi kadzanja kake, ndiye uyu wamangidwa nsanza kumutuyu ndi ndani? Chakudya chimene ndaphika ine sankadya. Ndikalowa m'nyumba iye ankatuluka.

Patapita masiku tinapita kuwailesi kuja, ine, mwamuna wanga ndi mkulu wa mpingo. Muulutsi wa mauthenga a maliro ndinkamuganizira kuti ndi chimunthu chachikulu, koma anali bambo wochepa thupi, wa magalasi, ndipo atamva kuti ndine ndani anakhala pansi n'kugwira mutu. Anapepesa kwambiri, anati iye amangowerenga zimene abale abweretsa. Anandilowetsa m'kachipinda kotsekedwa bwino, anandiveka zam'makutu, n'kundiuza kuti ndilankhule ndekha kuti anthu amve. Ndinatchula dzina langa, ndinati ndili moyo, ndinafotokoza za malungo ndi za juzi, ndipo ndinapempha kuti ngati kutsidya kuli banja limene likusowa mwana wawo wamkazi amene ananyamuka kupita ku Salima kukaona mchemwali wake, abwere.

Pobwerera kunyumba ndinapeza mwana wanga atakhala pafupi ndi wailesi ya bambo ake, azakhali ake anamutsegulira. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako amvekere, "Wailesi yanena kuti amayi ali moyo." Anabwera n'kukhala pamiyendo panga. Ndinamukumbatira ndikulira, koma m'kati mwa kulirako munali kuwawa kwina, kuti ngakhale mwana wobala ndekha anayembekezera kaye wailesi imuuze.

Abale a mayi uja anamvadi uthengawo ndipo anabwera, bambo ake, mwamuna wake ndi shehe wa kwawo. Anali akumufunafuna m'zipatala. Tinawaperekeza kumanda, kumene ndinaona mtanda wolembedwa dzina langa uli pamtumbira watsopano, nkhata zitayamba kufota. Mwana wawo, Msilamu, anaikidwa m'bokosi ndi nyimbo za mpingo wathu, popanda aliyense wa kwawo. Ndinkaopa kuti andilalatira. Bambo akewo anangondifunsa ngati mwana wawo anali ndi mantha pokwera boti. Ndinawauza kuti anali ndi chisanu chabe, ndipo anali kuseka. Anakambirana ndi apolisi ndi akuluakulu, n'kugwirizana kuti asamuvutitsenso pomufukula. Anazula mtanda, anachita dua, pemphero lawo lija, anabwerera. Ine manda amenewo ndimakalambula mpaka lero, chifukwa kwawo n'kutali.

Mungaganize kuti nkhani inathera pomwepo. Ayi ndithu. Uthenga wa imfa yanga unamveka ndi aliyense, koma wa kuuka kwanga anaumva ndi ochepa, ndipo ena amene anaumva ankati mawu aja sanali anga enieni. Kenako kunabuka ina yoti ndinadziwiratu za ngoziyo, ndinamuveka dala mayi uja juzi yanga kuti imfa imene inkafuna ine itenge iye. Akuti nanga n'chifukwa chiyani ndinatsika boti? Asodzi ena anayamba kukana kundigulitsa, akuti ndiwatsekera mwayi. M'boti munthu sankafuna kukhala nane. Ndikafika pamjigo nkhani zinkatha. Abale a mwamuna wanga anati ndipite kwa sing'anga akandisambitse ndisanalowenso bwinobwino m'banja, ine ndinakana, ndinati ndisambe chiyani poti sindinafe? Mwamunayo sanandinenepo choipa ngakhale kamodzi, koma sankatha kundiyang'ana m'maso, kaya ndi manyazi kaya ndi mantha, sindinadziwe. Tinakhala choncho ngati alendo, mpaka anapita ku Nkhotakota kuti akukasoka maukonde a nyengo imodzi, ndipo nyengo imeneyo sinathe mpaka pano.

Ndinatopa, abale anga. Kutopa kofotokozera munthu aliyense kuti uli moyo ndi kwina, sikutha ndi tulo. Chaka chathachi ndili pamsika ku Lilongwe mayi wina amene ankandigula kalekale anaima patsogolo panga n'kundiyang'anitsitsa, kenako anati ndimafanana kwambiri ndi malemu ena ake a ku Salima amene anamira panyanja, anali munthu wabwino, usipa wake unali wopanda mchenga. Ndinatsegula pakamwa kuti ndifotokoze, koma ndinaona kutalika kwa nkhaniyo, ndinangoti ambiri amatero, n'kumuyezera usipa wake.

Chimene ndimakhulupirira tsopano n'chakuti pa zonsezi panalibe ufiti, panalibe mzukwa, panali malungo, mphepo ndi anthu achisoni amene anafulumira. Chifukwa chimene Mulungu anatengera mayi uja n'kusiya ine sindichidziwa, ndipo ndinasiya kufunsa. Wailesi sindidana nayo, ndimamverabe, ndipo ndi yomweyo imene inathandiza bambo uja kupeza pamene pagona mwana wake. Koma ili ndi pakamwa pokha, maso ilibe, imanena chimene yapatsidwa, ndipo mawu oyamba amene yatulutsa ndi amene amakhazikika m'mitima ya anthu, okonza pambuyo amangopita ndi mphepo. Masiku ano n'zoopsa kuposa kale, poti aliyense ali ndi kawailesi kake m'thumba, amangodina, uthenga wafika ku Joni munthu asanatsekedwe n'komwe maso.

Ndiye ndikupempheni, inu amene mwawerenga mpaka pano. Sungani pamtima nambala ya munthu mmodzi yekha amene angakuyankheni tsiku loipa, ndipo muphunzitsenso ana anu. Musathamangire kulengeza imfa ya munthu chifukwa cha chovala, limbani mtima muyang'anitsitse, itanani wina ayang'anenso. Ndipo tsiku lina mukadzaona munthu amene munamva kuti anamwalira akubwera m'njira, wotuwa, akudzikoka, musayambe n'kutola mwala. Mupatseni kaye madzi akumwa, wachokera kutali.